Kuseri kwa Pulasitala

Tengani kiyi kapena kamwala, muyende mozungulira nyumba yopakidwa pulasitala mukugogoda khoma pang'onopang'ono. Pamene pali bwino limalira mouma, kuti ngwe ngwe, ndipo dzanja limamva kuti lagunda chinthu chimodzi chogwirana kuyambira kunja mpaka mkati. Koma mukafika pena, kawirikawiri m'munsi pafupi ndi nthaka kapena pansi pa zenera, kaliridwe kamasintha, n'kumangoti phu phu. Pamenepo pulasitala analekana kale ndi njerwa. Penti akhoza kukhala adakali mbee, wopanda mng'alu ndi umodzi womwe, pamene kuseri kwake kuli mpata umene mwadutsa madzi a madzinja angapo.

Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi yokonza nyumba. Ndalama za fodya, soya kapena mtedza zimakhala zili m'manja, mchenga uli pambalambanda m'mitsinje yophwa, ndipo aliyense akuthamangitsana ndi mvula yoyamba. M'mabanja ambiri zokambirana zimafanana. Kunjaku tipake pulasitala wosalala kapena rafukasiti? M'munsimu tiike matailosi, kapena miyala yosema ngati ya nyumba ija ya pakona? Penti akhale wa mtundu wanji? Awa ndi mafunso a maso, ndipo sindiwanyoza, pakuti munthu amene wakhetsa thukuta pa nyumba yake ayenera kukondwa akamaiona pochokera kumsewu. Chimene ndimalakalaka n'chakuti patsogolo pa mafunsowa pazibwera ena awiri: khoma limene tikufuna kuphimbali ndi lotani mkati mwake, nanga madzi amene adzalowe kuseri kwa chophimbacho adzatulukira pati? Palibe chophimba chimene madzi sadzachipezera polowera. Pangapite zaka 5, pangapite 15, koma adzalowa ndithu.

Nyumba zambiri za ku Ndirande, Bangwe, Mtandire, Chinsapo kapena Mchengautuwa, ngakhalenso za m'misika ya kumidzi, zinamangidwa ndi njerwa zowotcha zolumikizidwa ndi matope. Chifukwa chake n'chodziwika: thumba la simenti limafuna ndalama, pamene dothi lili pomwepo pabwalo. Zina n'zazidina, njerwa zoumitsidwa padzuwa, ndipo m'midzi ina mukadali nyumba za mdindo. Makoma onsewa ali ndi khalidwe limodzi. M'dzinja amamwa chinyezi, m'chilimwe amachibweza. Akamwa amafufuma pang'ono, akauma amabwerera m'malo mwake. Diso silingaone kusunthaku, koma kumachitika chaka ndi chaka, ndipo khoma limapirira chifukwa matope ndi ofewa, amalola njerwa kusuntha popanda kuthyoka.

Tsono pamwamba pa khoma lotere timabwera ndi pulasitala wa simenti, nthawi zina wosakaniza mwamphamvu poganiza kuti simenti akachuluka ndiye kuti ntchito yalimba. Simenti akauma amangoti gwa, sadziwa kugonja. Khoma likasuntha kuseri, iye amang'aluka timing'alu tating'ono ngati tsitsi, ndipo mvula yowombedwa ndi mphepo imatipeza. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Madzi amalowa pa kamng'alu kamodzi n'kufalikira m'matope a pakati pa njerwa, koma potuluka amapeza khomo lotseka, chifukwa malo ena onse ndi ophimbidwa ndi simenti ndi penti. Matope aja amakhala onyowa miyezi yathunthu. Amafewa, amayoyokera pansi mkati momwemo, ndipo chiswe, chimene chimakonda mdima ndi chinyezi, chimapeza msewu wobisika wochoka m'nthaka kukafika ku matabwa a denga. Mwini nyumba akatuluka m'mawa amaona khoma lokongola, osadziwa kanthu, mpaka tsiku limene chibenthu cha pulasitala chachikulu ngati chitseko chidzagwe n'kuonetsa njerwa zongosanjikizana popanda chozigwira.

Amisiri akale a m'maiko ambiri anali ndi lamulo limene sitilimva kawirikawiri masiku ano: chopaka pamwamba chisapose mphamvu chimene chili pansi pake. Poyamba zimamveka ngati zotembenuka, popeza timaganiza kuti chotchinjiriza chiyenera kukhala cholimba kuposa chotchinjirizidwa. Koma pulasitala wofewerapo amatha yekha pang'onopang'ono, amaonetsa pamene pavuta, ndipo mukamukanganula sachoka ndi nkhope ya njerwa. Amalola kukalamba m'malo mwa khoma. Simenti amene timagwiritsa ntchitoyu ndi mlendo wa posachedwa pa ntchito yomanga. Joseph Aspdin wa ku Leeds analembetsa kapangidwe kake mu 1824, pamene anthu anali atamanga kale kwa zaka masauzande ndi dothi ndi laimu, njereza imene agogo athu ankaidziwa. Mwala wa laimu umawotchedwa pa moto wa madigiri pafupifupi 900, kenaka umathiridwa madzi, ndipo ukapakidwa pakhoma umauma mwa kukoka mpweya wa m'mlengalenga n'kubwereranso kukhala mwala. Umauma mosafulumira, sulimba ngati simenti, koma umalola chinyezi kutuluka. Miyala yake tili nayo ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka ndi ku Lirangwe, kumpoto kwa Blantyre, kumene anthu akhala akuwotcha laimu kwa zaka zambiri. Pa khoma la zidina kapena la njerwa zomangidwa ndi matope, pulasitala wa laimu ndi mchenga, kaya wothira simenti pang'ono chabe, amagwirizana ndi khomalo kuposa simenti yekha.

Sindikufuna kulankhula ngati munthu wosadziwa chimene simenti amatanthauza kwa ife. Amene anakulira m'nyumba yodontha, akumayala mphasa pakona imodzi youma, sangamve kukoma wina akamamutamandira dothi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 36 pa 100 zilizonse m'Malawi zinali zomangidwa mwachikale, makoma adothi ndi denga laudzu, ndipo ambiri okhala m'nyumbazo amalota tsiku lodzatulukamo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Si nyumba zonse zimene zinakokoloka ndi madzi a m'mapiri. Zambiri zinangokhuta madzi kuyambira m'munsi mpaka makoma anagwada okha. Munthu amene anaona zimenezi ndi maso ake akanena kuti akufuna simenti ponseponse, akunena za ana ake, ndipo ndimamumvetsa. Ndimangodandaula kuti nthawi zambiri simentiyo amathera kunja, pamene anthu amaona, m'malo mwa m'maziko ndi pakati pa njerwa za mizere ya m'munsi, pamene nyumba imayambira kugwa.

Palinso china chimene timagula pogula simenti, ngakhale sitichitchula. Timagula chiyembekezo chakuti ntchito yatha, kuti khomali sitidzaligwiranso. Chiyembekezo chimenechi ndicho ndimachiopa kuposa simenti weniweniyo.

Kumudzi, zokolola zikalowa m'nkhokwe, kapena kukamayandikira Khirisimasi kapena chinkhoswe, amayi ankapita kudambo kukakumba mtsiro. Ankazira pansi ndi pakhonde, kumata makoma pamene pagumuka, n'kukulunga ndi nkhulungo mpaka pansi pakuti waliwali. Ena ankajambula mizere ya dothi lofiira, loyera ndi lakuda m'munsi mwa khoma. Abambo ankafolera denga mvula isanayambe. M'madera ambiri zikuchitikabe. Ntchitoyi timaiona ngati yokongoletsa, koma inali ndi phindu lina lalikulu: chaka chilichonse dzanja la munthu linkadutsa pa khoma lonse, chikhatho ndi chikhatho. Dzanjalo linkapeza njira ya chiswe isanafike kudenga. Linkapeza una wa khoswe, linkapeza pamene madzi a padenga ayamba kudya khoma, linkamva pamene dothi lafewa. Palibe chimene chinkabisala kupitirira chaka chimodzi. Mayi wozira ankaidziwa nyumba yake monga palibe mwini nyumba ya pulasitala amene amadziwira yake lero. Titaphimba makoma ndi simenti, ntchito ya chaka ndi chaka inatha, ndipo pamodzi nayo panathanso kuyang'ana. Nyumba zathu tsopano zimatha zaka 10 popanda munthu kuzungulira kuseri kwake ndi cholinga chofuna kudziwa mmene khoma lilili.

Ku Djenné, m'dziko la Mali, kuli mzikiti waukulu wadothi umene unamangidwanso mu 1907 pamalo pa wakale, ndipo mzindawo unalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1988. Aliyense amene anaona chithunzi chake amakumbukira mitengo yotuluka m'makoma mizeremizere. Mitengoyo, ya mtundu wa kanjedza, imakongoletsa ndithu, komanso ndi popondapo. Chaka chilichonse mvula isanayambe, mzinda wonse umasonkhana: ena amaponda matope amene akhala akuvundikidwa masiku angapo, amayi amatunga madzi, anyamata amathamanga ndi madengu, ndipo omata amakwera pa mitengo ija n'kupaka khoma lonse dothi latsopano. Omanga mzikitiwo anadziwa kuyambira pachiyambi kuti mvula idzadya makoma, ndiye anasiya makwerero m'khoma momwemo kuti odzakonza asadzavutike. Chinthu chimenechi chimandigwira mtima. Anamanga akuganizira anthu amene anali asanabadwe, ndipo anawakhulupirira kuti adzabwera. Mumzinda womwewo, eni nyumba ena amene anatopa ndi kumata anaphimba makoma awo adothi ndi simenti kapena timanjerwa towotcha, ndipo zotsatira zake n'zomwe tafotokoza zija: chinyezi chotsekeredwa, dothi lofewa kuseri, chophimba chomatuka.

Kutopa kwawoko n'koona, ndipo sikuyenera kupeputsidwa. Kwathu kuno ntchito yozira inkagwera amayi, pamwamba pa kulima, kutunga madzi, kusinja ndi kulera. Palibe amene ankawalipira, ndipo ndi ochepa amene ankaitcha ntchito. Sindinganene kuti tibwerere kumeneko. Mayi amene lero amangokolopa pa simenti n'kupita ku geni yake wapeza nthawi imene amake analibe. Funso limene latsala ndi lakuti kuyang'ana kuja, kumene kunkabwera pamodzi ndi kuzira, tsopano ndi udindo wa yani, ndipo kuchitike liti.

Chotchinjiriza khoma choyamba sichikhala pakhoma. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zimene zikadaimabe m'dziko muno, ndipo makoma ake ndi a njerwa ndi matope. Yaona madzinja oposa 140 a ku Blantyre, chiperoni ndi anamondwe omwe. Yakhala ikukonzedwa, inde, koma muyang'ane khonde lake lotakata lozungulira nyumbayo. Mvula yambiri imagwa kutali ndi khoma, ndipo dzuwa la masana silifika polipsereza. Nyumba za makolo athu zinali ndi nzeru yomweyo: tsindwi lotsika m'mbali, khonde lokwezedwa ndi dothi kuzungulira nyumba yonse, mwakuti madzi a padenga ankagwera kunja kwa khondelo n'kumapita. Khonde linali pokhalira alendo, posenda chimanga, pogona ana masana, ndipo pa nthawi yomweyo linali kusunga khoma.

Masiku ano m'malo atsopano a ku Lilongwe ndi Blantyre kwafala nyumba zobisa denga. Khoma limakwera kupitirira malata, ndipo kuchokera kumsewu mumangoona bokosi loyera la makona akuthwa. N'zokongola, ndipo zikamangidwa ndi mmisiri wodziwa zimatha kukhala. Koma khoma lonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, limasiyidwa pamtetete kuti lilimbane lokha ndi mvula, ndipo madzi onse a padenga amadalira ngalande yamalata yobisika kuseri kwa kakhoma ka pamwamba kaja. Masamba a mango akaitseka, madzi amasefukira m'khoma. Dziko la New Zealand linalipira mtengo waukulu pa kamangidwe kofanana ndi aka. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1990 mpaka cha m'ma 2004, kumeneko kunamangidwa nyumba zambiri za mafelemu a matabwa, zophimbidwa ndi mabolodi opakidwa pulasitala kuti zizioneka ngati khoma limodzi losalala, zopanda denga lotuluka m'mbali, zopandanso mpata kuseri kwa chophimbacho. Mu 1995 malamulo analola matabwa osathiridwa mankhwala. Madzi analowa pa timing'alu ndi m'mbali mwa mawindo, anasowa potulukira, ndipo matabwa anawola nyumba zikuoneka zatsopano. Lipoti limene boma linalandira mu 2009 linayerekeza kuti nyumba zokhudzidwa zinali pafupifupi 42,000, ndipo kuzikonza kukanadya madola a dzikolo 11.3 biliyoni. Malamulo amene anatsatira anafuna kuti pa nyumba zimene zili pachiopsezo pazisiyidwa kampata pakati pa chophimba ndi felemu, kotseguka m'munsi. Anasiya kulonjeza kuti madzi sadzalowa, n'kuyamba kuwakonzera njira yotulukira.

Kwathu kuno mdani wina amachokera pansi. Njerwa ndi matope zimakoka madzi a m'nthaka n'kuwakweza m'khoma, nthawi zina mpaka kufika m'chiuno mwa munthu. Madziwo amabwera ndi mchere wa m'nthaka, ndipo akamauma mcherewo umatsala n'kutukumula penti, n'chifukwa chake mumaona ufa woyera ndi matuza m'munsi mwa makoma ambiri. Chotchinga chake n'chotchipa kwambiri pa nthawi yomanga: pepala lapulasitiki lakuda lija amisiri amati DPC, loyalidwa pa mzere wa njerwa masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka. Likaiwalika, kapena eni nyumba akadzathira dothi la maluwa mpaka kulipitirira, vuto limayamba. Apa ndi pamene ambiri amagula matailosi kapena penti wa oilo kuti aphimbe m'munsimo. Kwa chaka chimodzi kapena ziwiri pamaoneka bwino. Koma madzi aja sanapite kulikonse. Akapeza kunja kotseka amakwera pamwamba pa matailosi, kapena amatulukira mkati, kuseri kwa kabati ndi bedi, kumene zovala zimayamba kununkha nguwi ndipo mwana wa chifuwa amakhosomola usiku wonse. Chofunika pamenepo ndi fosholo: kutsitsa dothi limene lakwera pakhoma, kupendeketsa bwalo kuti madzi azithawa nyumba, kukumba ngalande, kukonza paipi yodontha.

Ming'alu nayo imalankhula, ndipo si yonse imene imanena chinthu chimodzi. Yaing'onoing'ono yolukanalukana pamwamba pa pulasitala kawirikawiri imangosonyeza kuti simenti anachuluka kapena anauma mofulumira. Koma mng'alu woyambira pakona ya zenera kapena ya chitseko, wotsika mopendekera motsatira mizere ya njerwa, ukunena za maziko. Umapezeka kwambiri pa dothi la makande, ngati la ku Chikwawa, Nsanje ndi chigwa cha Phalombe, limene limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, nyumba n'kumakwera ndi kutsika nalo. Mwini nyumba amaitana mmisiri n'kunena kuti, "Amisiri, tangomatanipo apa pasamaoneke, kukubwera alendo." Mmisiri woona mtima amayankha kuti, "Bwana, ndimata, koma pofika Febuluwale mudzandiitananso. Tiyambe taona ngati mng'aluwu ukuyendabe." Kuona kwake n'kosavuta. Mumalemba ndi pensulo pamene mng'alu wathera, mumayeza kukula kwake, mumalemba tsiku, n'kudikira kuti dzinja ndi chilimwe zidutsepo. Ngati sunasunthe, umatidwe. Ngati wakula, ndalama zipite kumaziko ndi kumadzi amene akuwafewetsa. Mmisiri wotere amataya ntchito kawirikawiri, chifukwa pali wina pafupi amene amata lero lomwe osafunsa kanthu. Ndimaona kuti eni nyumbafe ndi amene timaphunzitsa amisiri kubisa, pakuti amene watiuza zoona timamuona ngati wofuna kukweza mtengo.

Ntchito yomata yeniyeniyo imafuna kudekha kuposa luso. Pulasitala yense womatuka achotsedwe mpaka pofika pogwira, ngakhale chigambacho chikule kuposa mmene mumaganizira. Matope ofewa a pakati pa njerwa akolokosedwe n'kubwezeretsedwa, khoma lisiyidwe liume, kenaka linyowetsedwe pang'ono musanapake kuti njerwa zisamwe madzi a pulasitala watsopano. Mchenga ukhale wa mumtsinje, wotsukika. Mukauthira m'botolo la madzi n'kukhutchumula, dothi limene lili mmenemo limadzakhala pamwamba pa mchengawo ukadikha, ndipo likachuluka, pulasitala wake adzang'aluka. Pa njerwa zabwino kapena mabuloko, muyezo umodzi wa simenti pa miyezo 5 kapena 6 ya mchenga ndi wokwanira, wokhuthala mamilimita 12 mpaka 15. Kenaka pamabwera gawo limene limanyalanyazidwa kwambiri. Simenti salimba chifukwa chouma. Amalimba chifukwa chogwirizana ndi madzi, ndipo dzuwa la Okutobala likawamwa madziwo tsiku loyamba, pulasitala amakhala wofumbutuka moyo wake wonse. Amafunika kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, ndipo penti adikire milungu inayi. Masiku othirira amenewa mmisiri amakhala atalandira kale ndalama zake n'kupita kwina, pakhomo madzi ndi ogula pachigubu, ndipo ntchitoyo siioneka. Komabe moyo wa pulasitala umagamulidwa sabata imeneyo, ndi mwana kapena mayi wonyamula ndowa.

Pali makoma ena osafuna chophimba n'komwe. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, m'busa amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, pamodzi ndi anthu a kuno amene anaumba ndi kuwotcha njerwa zake pomwepo. Kunja kwake njerwa zili poyera mpaka lero, ndipo kukongola konse kwa tchalitchicho kuli m'njerwazo ndi mmene anaziyalira. Njerwa yopsa bwino imalira ngwe mukaigunditsa ndi inzake, ndipo msomali suyikanda. Ikamangidwa mowongoka, mipata yake n'kutsekedwa bwino, imanyowa ndi mvula n'kuuma ndi mphepo, ndipo chilichonse cholakwika chimaonekera pomwepo. Pulasitala wambiri amene timapaka ndi wobisa njerwa za m'mbali mwa uvuni, zosapsa, zoyoyoka ndi chala, komanso mizere yokhota ya mmisiri wothamanga. Koma njerwa yopsa bwino imadya nkhuni zambiri, ndipo mapiri athu ometeka ndi mboni. Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda, n'kulimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa zadothi zothira simenti pang'ono zopanikizidwa pamakina. Makoma a mabuloko amagwirizana bwino ndi pulasitala wa simenti, popeza ndi amtundu umodzi. Chovuta n'chakuti nyumba zimene tikukonza lero zambiri ndi zakale zija, ndipo mmisiri amene wazolowera mabuloko akhoza kubweretsa msakanizo womwewo pa khoma la matope. Ndikanakonda achinyamata ophunzira zomanga pansi pa TEVETA atamatuluka akudziwa kusiyanitsa makoma awiriwa ndi manja awo, akudziwanso kukanya laimu.

Ndalama zikakhala zochepa, monga zimakhalira kwa ambiri aife, ine ndingayambire kudenga: malata atuluke masentimita 60 kapena kuposerapo kunja kwa khoma, makamaka mbali imene mvula imawombera. Kenaka bwalo ndi ngalande, kenaka theka la mita la m'munsi mwa khoma, pamene madzi ogwa padenga amathovukira. Penti ndi womalizira, ndipo akhale wamadzi kapena njereza, wolola khoma kupuma. Nyumba yotere ikhoza kutha chaka kapena ziwiri ikuoneka yosamalizidwa, anthu odutsa n'kumati mwini wake ndalama zinamuthera. Kupirira mawu amenewo n'kovuta kuposa mmene tingaganizire, makamaka kwa munthu amene nyumbayo ndi umboni wake wokhawo wakuti zaka zimene anakhala kutali ndi kwawo sizinapite pachabe.

Ambiri omanga masiku ano sakhala m'nyumba zimene akumangazo. Wina ali ku Joni, amatumiza ndalama n'kulandira zithunzi pa WhatsApp, ndipo chithunzi chimajambulidwa kumaso kwa nyumba, dzuwa likuwala. Wina ndi landilodi wa mtauni momwemo amene amapaka penti nyumba ikangotsala yopanda munthu, kuti wobwera aikonde. Munthu wa lendi ndiye amadziwa khoma limene limanyowa, koma nyumba si yake, ndipo amaopa kuti akadandaula auzidwa kuti asamuke kapena lendi ikwera. Motero amene akuona vuto alibe mphamvu yolikonza, ndipo khoma limapitirira kufewa pakati pa anthu awiri amene aliyense wa iwo akanafuna kuti likhale lolimba. Ndikanakonda eni nyumba, kapena m'bale amene anamusiyira udindo, atamafika mu Febuluwale mvula ili pachimake, osati kudzatolera ndalama, koma kudzaima panja n'kuona kumene madzi a padenga akugwera ndi kumene akudikha. Afunse mayi wa m'nyumbamo kuti, "Mayi, ndi khoma liti limakuvutitsani?" pakuti iwowo ndi amene amasuntha bedi ndi kuyanika zovala za nguwi. Zimene auzidwe azilembe, ndipo lendi ya mwezi umodzi pa chaka aziipatula kuti mu Seputembala ikagwire ntchito pamalo omwewo, asanapite kukasankha mtundu wa penti.